Makaseti amene ndinkatumiza kwa msuweni wanga

Inu owerenga, ndalimba mtima lero kuti ndikuuzeni zimene zinandigwera kwathu ku Likoma. Ndikuona achinyamata ambiri akujambula nyimbo m'nyumba zawo n'kumapatsa anzawo kuti amvere ndi kuwauza polakwika. Nanenso ndinachitapo zimenezo nthawi ya makaseti, mafoni asanachuluke pachilumba. Ndinapereka mawu anga kwa mbale wanga weniweni ndi mtima umodzi, iye n'kukawasandutsa choseketsa anthu pamsika. Dzina langa sinditchula, ngakhale ndikudziwa kuti akwathu sachedwa kundizindikira.

Ndine mayi wa ku Yofu, ndipo ndinabadwa ndi chibwibwi. Si chibwibwi chongodukiza pang'ono ayi. Changa ndi chija chotsekereza mawu pakhosi mpaka nkhope kukwinyika, maso kutsinzina, wokufunsayo n'kutopa n'kukumalizira yekha. Sukulu ndinasiyira ku pulayimale chifukwa choopa kuimiritsidwa kuti ndiwerenge. Kumsika ndinkangoloza ndi chala. Koma pali chinthu chimodzi chimene ngakhale ine sindichimvetsa mpaka lero: ndikayamba kuimba, chibwibwi chimachoka. Mawu amangoyenda ngati a munthu wina aliyense.

Anazindikira zimenezi ndi malemu bambo anga. Iwo anagwira ntchito zaka zambiri pahotela ina ku Bulawayo, ndipo pobwerera kumudzi anabwera ndi gitala, wailesi ya kaseti, ndi katoni ya makaseti a nyimbo za azungu za chamba cha roko, zija gitala imalira ngati yakwiya, woimba n'kumakuwa ndi mphamvu zake zonse. Anzawo ankawaseka kuti munthu wosaphonya misa amamvera bwanji phokoso lotere. Iwo analibe nazo ntchito. Akamasoka ukonde pansi pa mtengo wa mango ankandikhazika pambali pawo n'kundiuza kuti ndizitsatira woimbayo. Chizungu sindinkachimva kwenikweni, ndinkangogwira ndi khutu. Ndikalakwitsa ankabweza kaseti, ndikakhoza ankangogwedeza mutu, maso ali pa ukonde.

Atamwalira, pakhomo panangoti zii. Mayi anafuna kugawa makasetiwo kwa achibale pamodzi ndi zovala, koma ine ndinakumbatira katoni ija n'kukana. Ndinapitiriza kuimba ndekha, pochapa, posenda chinangwa, popita kumunda. Kwaya ya kutchalitchi ndinkaisirira koma sindinalowe, chifukwa kukwaya sikongoimba kokha. Kumakhala kufunsana, kuyankhana, kupemphera mosinthana.

Amalume anga, alongo awo a mayi, ali ndi mwana wamwamuna dzina lake Barnaba. Tinakulira limodzi. Kusukulu iye ndiye ankanditchinjiriza, moti mnyamata wina atanditsanzira pabwalo, Barnaba anamugwetsa pansi n'kumudyetsa mchenga. Mwa chisuweni ankanditchula kuti mkazi wanga, ine n'kumangoseka. Gitala anamuphunzitsa ndi bambo anga. Atakula anatsegula kanyumba kometera anthu pafupi ndi msika ku Chipyela, panja n'kuikapo masipika awiri oitanira makasitomala. Anakwatira Agnesi, mnzanga wa paubwana wa ku Yofu konkuno.

Tsiku lina anabwera kudzaona mayi, n'kundipeza kuseri kwa nyumba ndikuimba imodzi mwa nyimbo za bambo zija ndi mawu onse, poti ndinkayesa ndili ndekha. Nditatembenuka ndinamuona ataima, kukamwa kuli yasa. Anati samadziwa kuti m'banja mwathu muli chuma chotere. Kenaka anandiuza za kagulu kawo. Analipo iye, anyamata awiri a ku Khuyu, ndi a Mhone, mphunzitsi wochokera ku Nkhata Bay amene ankagwira ntchito pachilumba. Onsewa ankakonda nyimbo za roko. Aliyense ankasankha nyimbo ya oimba otchuka akunja, n'kuiimba yekha kunyumba kwake, n'kujambula mbali imodzi ya kaseti. Kasetiyo inkazungulira kwa anzake, ndipo aliyense akamvera ankajambula maganizo ake kuseri kwake: apa wakhoza, apa wathamanga, apa mawu asiyana ndi gitala. Anati ndilowe nawo, ndipo sindidzafunika kuima pamaso pa munthu aliyense. Inu owerenga, kwa munthu ngati ine kunali ngati kunditsegulira khomo limene ndinakhala ndikungolisuzumira moyo wanga wonse.

Barnaba ankajambula gitala yokha pa kaseti ina n'kunditumizira, ndipo anandibwereka kawailesi kake kojambulira. Ine ndinkaika kaseti ya gitalayo m'wailesi ya bambo, kawailesi kojambulira kaja n'kukakhazika pampando patsogolo panga, n'kumaimba. Ndinkasankha masana mayi akapita kumunda. Ndinkatseka chitseko, pawindo n'kupachikapo bulangete kuti phokoso la kunja lisalowe, thukuta lili kamukamu. Tambala akalira pakati pa nyimbo, kapena mbuzi ya oyandikana nawo ikayamba zake, ndinkayambiranso. Mabatire akayamba kutha gitala inkakoka ngati yaledzera, ndiye ndinkawayanika padzuwa kuti abwereko mphamvu.

Panali lamulo limodzi limene linandivuta. Barnaba anati aliyense asanaimbe aziyamba walankhula: apereke moni, atchule nyimbo, anene pamene akufuna kuti anzake amuthandize. Ndinamupempha kuti ine andipatule. Anandiyankha kuti, "Mkazi wanga, omvera ndife anayi okha, ndipo tonse tikukudziwa. Usamafufute, uzingolankhula mmene umalankhulira. Mankhwala ake ndi amenewo." Ndinamukhulupirira. Ndikanalekeranji, munthu amene anamenyapo mnzake chifukwa cha ine?

Kaseti yoyamba anaitenga Agnesi, poti ankabwera ku Yofu kawirikawiri kudzaona makolo ake, ndipo kuyambira pamenepo ndiye anakhala mtengatenga wathu. Itabwerera ndinaitembenuza kuti ndimve zakuseri kwake. Anyamata a ku Khuyu anangoti zili bwino. Barnaba anandiyamikira mpaka ndinachita manyazi. Koma amene anandigwira mtima anali a Mhone. Analankhula modekha, ngati akulankhula ndi munthu wanzeru zake. Anati mawu anga amakoma ndikamaimba motsitsa, koma ndikakwera ndimapanikiza pakhosi. Anandiuza popumira. Anandiwongolera mawu achizungu amene ndinkawatchula mokhota n'kundimasulira tanthauzo lake, moti nyimbo ina imene ndinkaiimba mosangalala ndinadziwa tsiku limenelo kuti ndi ya munthu wolira mbale wake. Chibwibwi sanachitchule n'komwe. Ndinamvera mbali imeneyo mobwerezabwereza mpaka mabatire anatheratu.

Miyezi imeneyo ndinali munthu wina. Mayi ankadabwa kundiona ndikumwetulira ndekha pamtondo. Ndinayamba kupereka moni panjira m'malo moweramitsa mutu, ndipo Lamulungu lina ndinatsala pang'ono kupita kwa wotsogolera kwaya kukapempha malo.

Patapita nthawi zinthu zinayamba kusintha, koma ine maso anali atatsekeka. Mawu a aphunzitsi aja anasowa kuseri kwa makaseti. Nditafunsa, Agnesi anati atanganidwa ndi mayeso a ana. Kenaka anyamata a ku Khuyu nawo anasiya kumveka. Anatsala Barnaba yekha, ndipo iye sankadzudzula kalikonse. Chilichonse chinali chabwino. Ankangoti ndizikwera kwambiri, ndizikuwa ngati mwini nyimbo, chonsecho a Mhone anali atandiuza kuti kumwambako n'kumene ndimavutika. Ankatinso ndizilankhula nthawi yayitali ndisanaimbe, ndizifotokoza nkhani, chifukwa ati chibwibwi chikuchepa. Makaseti ena sanabwererenso. Ankangonditumizira atsopano n'kumati akalewo adakazungulira.

Ulendo wina anandipempha kuti ndifotokoze mmene ndinaphunzirira nyimbozi. Ndinakhala pansi m'chipinda chotseka chija n'kuyamba kunena za bambo. Ndinanena zimene ndinali ndisanauzepo munthu: mmene ankandikhazikira pansi pa mango, ndi mmene anandiuzira tsiku lina kuti Mulungu sanandimane mawu, anangowabisa m'nyimbo. Pa liwu loti bambo ndinakakamira nthawi yayitali, kenaka misozi inabwera, ndipo ndinalira kawailesi kali mkati mojambula. Ndinaganiza zofufuta. Koma ndinati uyu ndi mbale, malemuwo ankawadziwa, ndipo zala zake anaziika pa gitala ndi iwo. Kasetiyo ndinaipereka kwa Agnesi momwemo.

Kumsika anthu anali atayamba kundiyang'ana mwachilendo. Amuna ena amene ndinali ndisanalankhulepo nawo ankandipatsa moni mokokomeza n'kumadikira kuti ndiyankhe, uku akukodolana. Wogulitsa nsomba wina anandifunsa kuti ndipita liti ku Blantyre kukajambula, anzake n'kubisa nkhope. Ine kusekedwa ndinakuzolowera kuyambira ndili mwana, choncho sindinalumikize chilichonse. Penanso ndinkanyadira mumtima, poganiza kuti mbiri ya kuimba kwanga yayamba kumveka.

Zinaululika Agnesi atatopa ndi pakati, miyendo itatupa, osathanso kuyenda mtunda wa ku Yofu. Ndinali nditamaliza nyimbo imene ndinaivutikira kwambiri, ndipo mtima sunandilole kudikira. Ndinamanga kasetiyo pansonga ya chitenje n'kuuyamba wa ku Chipyela. Linali tsiku lofika sitima, anthu ali piringupiringu, ena atasenza matumba a ufa kuchokera kudoko, ena madengu a usipa. Ndisanafike n'komwe pakanyumba ka Barnaba ndinamva mawu a mkazi m'masipika. Ndinaima. Mawu anga ndinazolowera kuwamva m'kawailesi, m'chipinda. Ndinali ndisanawamvepo akulira mokweza chotero panja.

Anali angadi, koma nyimbo munalibe. Barnaba anali ndi wailesi yolowa makaseti awiri, ndiye anatenga makaseti anga onse, n'kusiya kuimba konse kwabwino, n'kusonkhanitsa pa kaseti imodzi malo okhaokha amene ndinkakakamira polankhula. Pena anabwereza pomwepo kangapo kuti pazimveka ngati injini ya boti yokana kulira. Pakatipakati anaikamo malo amene mawu anga ankasweka ndikukuwa, kukuwa kumene anandituma yekha. Pabenchi panali podzaza. Wina anali pampando wometera, mutu utametedwa mbali imodzi, akuseka mpaka Barnaba anachita kuimitsa makina. Ndiye wina anakuwa kuti, "Ika ya ba-ba-bambo ija!" Barnaba anathamangitsa kaseti osayang'ana n'komwe, ngati munthu amene wachita zimenezo kambirimbiri. Ndinadzimva ndikulira bambo anga m'masipika, pamsika, dzuwa likuswa mtengo, amuna akuluakulu akufa nacho chikhakhali.

Amene anayamba kundiona ndi wa pampando uja, kudzera pagalasi. Kuseka kunazima mmodzimmodzi. Barnaba anatembenuka, anazimitsa wailesi, n'kubwera akumwetulira, manja atatambasula. Anati, "Aaa, mkazi wanga, usatengere pamtima. Si chisuweni ichi? Anthuwa amakukonda, watchuka iwe."

Inu owerenga, pa zonse zimene zinachitika tsikulo, chimene chimandiwawa kwambiri n'chakuti ndinafuna kumuyankha. Mawu ndinali nawo, akuthwa, okonzeka. Ndinatsegula pakamwa, iwo n'kukakamira pakhosi. Ndinaima pamenepo nkhope itakwinyika, milomo ikunjenjemera, ndikuchita pamaso pawo chomwe chija ankaseka pa kaseti. Wina kumbuyo analephera kudzigwira, anatulutsa kaphwete. Ndinatembenuka n'kubwerera ku Yofu, kaseti yatsopano ija ili chimangire pachitenje.

Mayi sindinawauze, koma nkhani inafika yokha. Patapita masiku angapo kunabwera a Mhone. Aka kanali koyamba kuonana nawo pafupi, ndipo ndinawazindikira ndi mawu. Anakhala pampando, chipewa chili pabondo, n'kufotokozera mayi kuti iwo anatuluka m'gululo kalekale atakangana ndi Barnaba pa nkhani yomweyi. Anati zinayamba mwangozi, kaseti yanga italira tsiku lina makasitomala alipo, ndipo Barnaba ataona kuti anthu akuchuluka pabenchi anapitiriza. Mayi anawafunsa kuti nanga bwanji sanabwere nthawi imeneyo. Iwo anayang'ana pansi n'kunena kuti ankaopa kundiswa mtima, komanso monga mlendo pachilumba sanafune kulowerera za m'banja la eni. Ndinawamvetsa, koma sindinawathokoze. Miyezi yonse ija iwo ankadziwa, ine ndikupachika bulangete pawindo.

Agnesi nayenso ankadziwa. Kaseti ya bambo ija anailandira m'manja mwanga maso anga adakali ofiira, n'kundifunsa ngati ndikudwala. Nditamufunsa pambuyo pake analira, anati mwamuna ndi mwamuna, akanatani. Mpaka lero sindidziwa ngati naye ankaseka.

Amalume anaitanitsa banja pakhomo pathu kuti tikambirane. Anayamba ndi mawu ozizira, kuti magazi ndi amodzi, kuti asuweni amanyozana kuyambira kalekale ndipo palibe anafa nacho chisuweni, kuti Barnaba apepese, abweze kasetiyo, nkhani ithe. Barnaba anapepesa maso ali kumbali. Onse anayang'ana ine kuti ndivomere. Apo mayi, amene sakonda kulankhula pagulu, anadzuka n'kulowa m'nyumba. Anatuluka ndi wailesi ya bambo n'kuiika pakati pa mkeka. Anati, "Achimwene, poti ndi chisuweni, mwana wanu aike kasetiyo timve tonse. Nafenso tisekeko."

Barnaba anazengereza, koma amalume anamulamula. Kaseti inalira. Palibe anaseka. Azakhali ake ena anadziphimba kumaso ndi chitenje. Itafika pa bambo paja, amalume anatambasula dzanja n'kuzimitsa okha. Kenaka anayang'ana mwana wawo n'kunena kuti, "Amene akumulira apayu ndi amene ananditengera ine ku Bulawayo ndili mnyamata, n'kundidyetsa kuchilendo mpaka nditapeza ntchito. Iwe waseketsa anthu ndi maliro ake." Anatulutsa kasetiyo, anasolola tepi yonse ndi manja awo n'kuiponya pamoto.

Ndinayesa zathera pomwepo. Koma Barnaba anali atakoperako anzake, anzakewo n'kukoperanso ena, ndipo makaseti amakwera sitima ngati anthu. Chaka chotsatira ndinaperekeza mayi kuchipatala kumtunda, kutsidya kwa nyanja. M'sitima tinakhala moyandikana ndi anyamata ena amalonda, osati a pachilumba. Mmodzi anachedwa kuyankha funso la mnzake, ndipo mnzakeyo anati, "Ba-ba-bambo anga ankati," onse n'kuphulika. Wina amene sankaidziwa nkhaniyo anafunsa, ndipo anamuuza kuti ndi kaseti ya mayi wina wozungulira mutu wa ku Likoma, woimba za azungu uku akulira. Ndinali pafupi moti bondo la wolankhulayo linkakhudza thumba langa. Mayi anandigwira dzanja mwamphamvu. Ulendo wonsewo sindinapemphe ngakhale madzi, kuopa kuti angandizindikire ndi mawu.

Kuimba ndinasiya kwa nthawi yayitali. Ndikati nditsegule pakamwa ndinkamva benchi ija ikuseka, ndipo kwa wotsogolera kwaya sindinapitenso. Masiku ano ndimaimbako pang'ono kumunda, chapansipansi, ndikatsimikiza kuti palibe munthu pafupi. Barnaba adakalipo, adakameta anthu. Timakumana pamaliro ndi pamaukwati, amandipatsa moni, ine ndimayankha poti ndi mwana wa amalume. Mwana wa Agnesi uja anabadwa, ndinakamuona kamodzi, koma ubwenzi wathu sunadzukenso.

Inu owerenga, sindikuti musamaimbe, kapena musamapatse anzanu nyimbo zanu kuti akuwongolereni. Munthu sadzimvera yekha, ndipo zimene a Mhone anandiphunzitsa za kapumidwe n'zoona mpaka lero. Koma dziwani kumene mawu anu akukalirira. Pitani nokha mukaone, musamangodalira wonyamula, ngakhale atakhala wa magazi anu. Amene akukuthandizani zoona amakuuzani polakwika. Mukaona munthu akungokuyamikirani, n'kumakukankhirani komwe mumafooka, imani kaye mudzifunse kuti akupindulanji. Ndipo za mumtima mwenimweni, za akufa anu, musazijambule. Zolankhula pakamwa mphepo imatenga, koma zojambula zimatsala, n'kumayenda kumene inu simudzafikako kuti mukadziikire kumbuyo.

Ndimalize ndi inu amene mumakhala pabenchi, ndi inu amene mumadziwa n'kukhala chete. Amuna aja ambiri ankandidziwa. Ankawadziwa bambo anga, ena ananyamula nawo bokosi lawo. Akanapezeka mmodzi yekha woyenda mpaka ku Yofu kudzandinong'oneza nthawi idakalipo, kaseti ya bambo ija sindikanaijambula. Ngati mukudziwa mnzanu amene akusekedwa kuseri iye akuyesa akuyamikiridwa, nyamukani lero mukamuuze. Adzalira, mwinanso adzakukwiyirani. Koma adzalirira m'nyumba mwake, osati m'masipika a pamsika.